Demeta wa ku Nambuma Akupempha Tchuthi

Kwa Bwana Mkulu Woona za Chimwemwe cha Alendo,
Malo odyera a pansanjika ya 41,
Jumeirah Lake Towers, Dubai.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndikulemba kalatayi nditagwada, ngakhale munandiletsa kugwada. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi akunyumba ndi ana, amene munakawaona kwanu mu Ogasiti n'kubwerako masaya ali phwii. Ine kuno ndili bwino monga milungu yonse imakhalira, kupatula mawondo.

Dzina langa mwina simulidziwa, ndipo palibe mlandu, munthu wamkulu ali ndi zambiri zoti akumbukire. Ndine Selinah Mwenda wa ku Nambuma, boma la Dowa, ku Malawi. Munandilemba ntchito yotsuka mbale zaka zitatu zapitazo. Koma Loweruka lililonse, pa chakudya chamasana chija mumachitcha bulanchi, ndimakhala Demeta, mulungu wamkazi wa Agiriki akale, mwini tirigu ndi zokolola. Ndine uja mumati habibi, wokondedwa, mukafuna kuti alire, ndi yalla mukafuna kuti achoke panjira.

Ndakulemberani makalata atatu m'Chingerezi kupempha tchuthi, ndipo onse atatu anabwera ndi yankho limodzi, inshallah, Mulungu akalola. Ndaona kuti Chingerezi changa ndicho chimakutopetsani. Iyi ndalemba m'Chichewa, ndaimata pabolodi la kukhitchini, ndaitumizanso kugulu la pafoni la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, kuti ikasowa pa desiki panu isasowe paliponse. Mukafuna womasulira, Derrick alipo, mlonda wa pakhomo uja wa ku Chipata amene Loweruka mumamumata ndevu za thonje kuti akhale Zeu, mfumu ya milungu. Nkhani yanga ndi imodzi: mwana wanga Stellah ali ndi pakati poyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo ndikufuna kupita kwathu. Koma ine ndinaleredwa bwino, sindingayambe ndi kupempha. Ndiyamba ndi kuthokoza.

1. Zikomo pondikweza pantchito.

Kwathu munthu amayamba umesenjala, akakalamba n'kukhala kalaliki. Ine ndinachoka pasinki n'kufika pa umulungu masana amodzi okha. Mtsikana wamtali wa ku Ulaya uja ankakhala Demeta atathawa ntchito, munabwera kukhitchini ndi mkanjo wake m'manja, kutiyeza mmodzimmodzi ngati mukugula mbuzi, ndipo unakwana ine. Simunandifunse ngati ndikufuna, ndipo munachita bwino, chifukwa ndikanakusokonezani ndi zoti ndine mayi wa chigwirizano kutchalitchi kwathu, wovala zoyera Lachinayi, amene amadziwa Mulungu mmodzi yekha. Ndikuthokozanso kuti simunandilande sinki. Ndi milungu yochepa padziko pano imene imakwecha mapoto m'mawa, kulambiridwa masana, n'kubwereranso kukakwecha mapoto.

Tirigu amene munandipatsa kuti ndizinyamula ndi wodabwitsa. Ine ndalima chimanga, fodya ndi mtedza kuyambira ndili namwali, manja angawa akuchitira umboni, koma mbewu yosafuna mvula, yosadyedwa ndi anankafumbwe, yongofuna kupukuta fumbi ndi kansalu konyowa, ndinali ndisanaionepo. Sabata yoyamba ndinkagwada popereka ngala ya pulasitikiyo kwa alendo, poti ambiri ndi aakulu kwa ine. Munandikalipira kuti mulungu sagwada. Ndinamva, bwana. Tsopano ndimagwada pokhapokha ndikukolopa pansi pa matebulo.

2. Zikomo pondipatsa achibale.

Munatipatsa khadi lolembedwa mbiri ya banja la Demeta kuti tiloweze, kuopa kuti mlendo angatifunse n'kutipeza mbuli. Ndinaliloweza m'basi yochokera ku Al Qusais komwe timagona, ndipo mpaka lero ndikamaliwerenga ndimayang'ana kumbuyo kaye ngati palibe mwana akumva.

Tate wa Demeta, a Kronosi, ankameza ana awo. Mwana akabadwa, asanayamwe n'komwe, gwa, wapita m'mimba. Anameza asanu, Demeta ali pomwepo. Pa wachisanu ndi chimodzi mayi awo anatopa nazo, anakulunga mwala m'thewera, bamboyo n'kumeza mwalawo osauyang'ana kumaso. Mwana wopulumukayo ndiye Zeu, amene atakula anasanzitsa bambo ake, abale onse n'kutuluka ali akuluakulu kale. Mpaka apa ndinati chabwino, mnyamata wathandiza. Koma taonani zotsatira. Zeu yemweyo anapatsa mimba mlongo wake weniweni, Demeta, bere limodzi! Panabadwa mtsikana, Pesefoni. Mtsikanayo atakula, mchimwene wawo wina, a Hade, mfumu ya akufa yokhala pansi pa nthaka, anamusirira. Anakapempha kwa Zeu, Zeu n'kuvomera, amuna awiri kugwirana chanza pakhonde, mayi wake wa mwana osauzidwa kanthu. Popanda ankhoswe, popanda nkhuku, popanda ndi moni yemwe.

Bwana, kwathu ku Dowa malume ndiye mwinimbumba. Mwana wa mlongo wako ukamuona akulira, umasiya khasu. Mlongo wanga Zefaniya, malume ake a Stellah, anayenda pansi kuchokera ku Nambuma mpaka ku Mponela kukafufuza khalidwe la mnyamata amene ankafuna mwana wanga. Ndiye inu mwandipatsa banja limene malume mmodzi ndiye bambo wa mwana, malume winayo ndiye wakuba mwana. Ine ndinati anthu awa analibe mudzi.

Lolemba lililonse pamsonkhano wa antchito mumatiuza kuti pano ndife banja limodzi, ngati banja la milungu ija. Poyamba ndinkayesa nthabwala za azungu. Pepani, ndinakulakwirani, mumanena zoona. Mapasipoti athu onse ali m'kabati mwanu, mwawakhomera ndi loko kuti asasowe. A Kronosi nawo ankangowasungira ana aja malo abwino kuti asasowe.

3. Zikomo chifukwa simunandichotse ntchito tsiku lija.

Anzanga a pagulu la pafoni sadziwa mmene zinayambira, ndiye mundilole ndifotokoze. Seweroli ndi lalifupi. Alendo akatha kudya nyama, Tasha, mtsikana wa ku Lusaka woperekera zakumwa, amatuluka ngati Pesefoni n'kumathyola maluwa a pulasitiki. Utsi umafuka, Kingston wa ku Ndirande amatulukira pachitseko cha zinyalala atavala nsalu yakuda ngati Hade, amamunyamula paphewa n'kulowa naye. Ine ntchito yanga inali kuika dzanja pachipumi, kuusa moyo katatu, basi, kenako abweretse keke. Ndinachita zimenezo miyezi isanu ndi iwiri popanda wodandaula.

Loweruka lachiwiri la Okutobala, m'mawa, ndinalandira inshallah wanu wachitatu. Ndisanavale mkanjo, panabwera uthenga wamawu wa Zefaniya: chisamba cha Stellah chachitika dzulo. Kwa inu osadziwa, bwana, ndi tsiku limene amayi aakulu amamukhazika pamphasa mtsikana wa pakati poyamba, kumulangiza za mimba, za kubereka ndi za kusamala khanda. Mayi wake amakhala pambali pake. Anandidikira miyezi iwiri, mimba inakana kudikira, ndipo pamalo panga panakhala mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene sindiyankhulana naye chifukwa cha malire a munda.

Ndinaima pamalo panga ndi tirigu wanga. Utsi unafuka, Kingston ananyamula Tasha, mwanayo akupalasa miyendo, nsapato imodzi n'kugwa. Sindidziwa chinandigwira. Sindinaonenso Tasha, ndinaona Stellah. Ndinataya tirigu, ndinataya chisoti, ndinagwira kumutu n'kubuma monga timabumira maliro akangolowa m'mudzi. Ndinadzigwetsa pansi, kugubuduka pakati pa matebulo, kuitana dzina la mwana wanga, kumufunsa kuti wamugwira dzanja ndani, wamuuza ndani zoti asaope.

Apa ndiye anzanga anakuonongerani sewero, ndipo ndikuwapepesera. Kwathu munthu akabuma sufunsa kaye kuti wamwalira ndani, umayamba wafika. Mfumu ya akufa inatsitsa mtsikana pansi bwinobwino, inavula chisoti n'kuima manja kumbuyo. Zeu anamatula ndevu n'kukhala pansi chozyolika. Tasha anandikumbatira akulira. Beatrice wa ku Mangochi anasiya nsomba pamoto, anatuluka kukhitchini chitenje chili m'manja, n'kudzadzigwetsa pambali panga, kulira kwake kuposa kwanga, asakudziwa n'komwe chachitika.

Nditatsegula maso ndinaona alendo onse ataimirira, mafoni m'mwamba, akuomba m'manja. Inu munkabwera mothamanga. Mumtima ndinati khalas, ntchito yatha, ndipo ndisakunamizeni, ndinakondwa, chifukwa wochotsedwa ntchito amakwezedwa ndege kupita kwawo. Koma inu, mwa chifundo chanu chosatha, munandikumbatira misozi ili lengelenge m'maso, n'kunena kuti zaka zonse mwakhala m'mahotela simunaonepo luso lotere.

4. Zikomo ponditchukitsa.

Vidiyo ija yazungulira dziko lonse. Matebulo a Loweruka adzaza mpaka Epulo. Pa pepala la zakudya munalembetsa ndi zilembo zagolide kuti pano pokha ndi pomwe mlendo angamve kulira kwa Chigiriki chakale. Sindinadziwe kuti ku Nambuma timayankhula Chigiriki, ndikauza aphunzitsi akwathu asinthe mabuku.

Tsopano ndimabuma kawiri Loweruka lililonse, hafu pasiti wani ndi fili koloko, mphindi zinayi zinayi, inu mutaima kuseri kwa chipilala ndi wotchi. Mwalamulanso kuti Beatrice azituluka kukhitchini pa mphindi yachiwiri yeniyeni, ndipo mwamugulira chitenje chatsopano chogwirizana ndi makatani. Sabata yatha munandiitana ku ofesi kudandaula kuti kulira kwa fili koloko kunali kopepuka, n'kundilangiza kuti ndiziganiza chinthu chomvetsa chisoni. Langizo labwino kwambiri, bwana, ndinali ndisanaliganizepo. Ndipo inu simungolangiza chabe, mumathandiza. Tsiku lomwelo munandipatsa kalata yosainidwa bwino, yoyamba yopanda inshallah, yonena kuti tchuthi changa sichingatheke kufikira nyengo yozizira ya alendo itatha, chifukwa palibe wina angalire ngati ine. Ndinaiwerenga katatu kuti ndimvetse. Ndinalira chifukwa munandikaniza kukaona mwana wanga, ndipo tsopano mukundikaniza kukaona mwana wanga chifukwa ndinalira. Sukulu imene munaphunzira nzeru zimenezi ikhale ndi moyo wautali.

Chinthu chimodzi chokha simunachiganizire: ku Nambuma kulinso mafoni. Vidiyo inafika. Amayi a chigwirizano anandiona nditavala ngati fano, mapewa ali pamtunda, ndikugubuduka pamaso pa anthu akumwa mowa, ine amene ndinawauza kuti ntchito yanga ndi yolandira alendo. Zimenezo ndingazipirire, manyazi sapha. Koma Stellah nayenso anaiona, ndipo iye Chigiriki chakalecho amachimva liwu lililonse. Anamva mayi ake akubuma maliro, akutchula dzina lake. Anandiimbira kufunsa ngati ndalota zoipa za iye, ngati pali chimene anamwino andiuza chomwe iye akumubisira. Zefaniya analanda foni n'kundikalipira mmene sanandikalipirepo chibadwire. Anati munthu wamoyo salilidwa, makamaka wapakati. Anati amenewo ndi malodza, ndikumuitanira mwana imfa ndi pakamwa panga.

Ndinalonjeza kuti ndisiya. Loweruka lotsatira ndinalira ndikuitana Pesefoni, dzina lapakhadi. Misozi inakana kutuluka, nanga ndimamudziwa? Inu khutu lanu ndi lakuthwa, munazindikira msanga. Munati ndibwezeretse liwu lokoma lija loti Stellah, chifukwa alendo ena amabwerera lomwelo, ena analilemba ndi pa malaya. Ndinabwezeretsa. Choncho mwana wanga ndamulira maliro kakhumi ndi kawiri ali moyo, pa nthawi yake, popanda kuchedwa ndi mphindi imodzi. Izi sindikuseka, bwana. Zimandiwawa, ndipo ndikavula mkanjo uja ndimadzida.

5. Apa ndasowa chothokoza, mundikhululukire, ndingonena mmene zilili.

Stellah watupa miyendo ndi nkhope. Kusikelo amuuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, asadikire matenda kunyumba, apite akadikirire kuchipatala. Zipatala zakwathu si ngati zanu zakuno. Wodwala amapita ndi womudikirira wake, timati gadiyani, amene amamuphikira, kumuchapira, kumugwira popita kubafa, ndi kuthamanga kukagogoda kwa anamwino zinthu zikasintha. Mwamuna saloledwa m'chipinda cha amayi. Apongozi ake a Stellah maso anafa, sangayatse moto pamalo achilendo. Panopa akumudikirira ndi msuweni wake amene naye sanaberekepo, awiri onse sadziwa kuti mutu ukayamba kupweteka chotani ndiye pofunika kukuwa. Ine ndimadziwa. Mkulu wanga anatupa chimodzimodzi pa mimba yake yoyamba, ndipo gadiyani wake ndinali ine, ndili mtsikana wosadziwa kanthu. Tinamuika pamodzi ndi khanda lake.

6. Zikomo potibisira mathero a nkhani.

Khadi lanu limathera pamene Demeta akulira, poti pamenepo ndi pomwe keke amalowa. Kuseri kwake n'koyera. Ine ndinkayesa kuti nkhani inathera pomwepo, mayi analira, anthu n'kudya. Dzana m'basi ndinamupempha Tasha kuti afufuze pafoni pake, ndipo anandiwerengera zonse.

Bwana, mayi uja sanangolira ayi. Ananyanyala ntchito. Anakhala pansi n'kunena kuti palibe mbewu imere padziko lonse mpaka aone mwana wake. Minda inauma, anthu anayamba kufa ndi njala, milungu inasowa wopereka nsembe, mpaka Zeu anachita mantha n'kutuma mthenga kwa mchimwene wake kuti abweze mwana wa eni. Ndamvetsa chifukwa chake mbali imeneyi simunaisindikize, ndipo musade nkhawa. Ine sindingaletse mvula, ndi kuno komwe siigwa kale. Ndikakhala pansi, mawa lomwe mkanjo mudzauyeza pa wina.

Chimene chinandikhudza ndi cha a Hade. Mkulu ameneyu ndi mfumu ya manda, amene chilengedwere dziko sanabwezepo munthu. Anamudyetsa mtsikana uja njere za makangaza kuti asapite chipitire, zimenezo n'zoona, wochenjera ndi wochenjera. Koma anavomera kuti chaka chilichonse mwanayo azikwera kumtunda kukakhala ndi mayi ake, ena amati theka la chaka, ena amati kuposa pamenepo. Chaka chilichonse, bwana, popanda kulemba kalata katatu. Tasha atafika pamenepa, Kingston anafunsa ngati kumandako akulemba anthu ntchito.

Tsono nali pempho langa, ndipo ndagwadanso. Sindikupempha kuti mukhale ndi mtima wa munthu wamoyo, ndikudziwa kuti nyengo ino ndi yotanganidwa. Ndikupempha kuti mufikeko pa chifundo cha mfumu ya manda, ngakhale kachigawo chabe. Iye amapereka miyezi, ine ndikupempha masiku makumi awiri ndi limodzi, kuyambira pa 5 Disembala, ndi pasipoti yanga m'manja. Ndikamudikirire mwana wanga, ndikasambitse mdzukulu, mchombo ukagwa ndimutulutse m'chikuta, ndibwere. Kubwera ndibwera, musakayike. Ndadya mpunga wanu zaka zitatu, ndipo kwathu kuli pakamwa pambiri pomwe pakudya kudzera m'sinki mwanu.

Koma ngati mwa nzeru zanu zakuya muona kuti ngakhale zimenezi zingasokoneze chimwemwe cha alendo, ndili ndi kapempho kena kakang'ono, kosakutayitsani kanthu. Lamulo lanu limati pa nthawi ya ntchito mafoni onse atsekeredwe m'malokala. Mundilole ine ndekha ndizisunga yanga m'kati mwa mkanjo, ndasoka kale kathumba kosaoneka pa zithunzi. Zefaniya walonjeza kuti zikavuta kuchipatala adzaimba nthawi yomweyo. Kungakhale kutaya kwakukulu, bwana, uthenga wotero utandipeza ndili ndekha pasinki, popanda mlendo ndi mmodzi yemwe woti aone. Mungondiuziratu kuti ndimuuze aimbe nthawi iti, hafu pasiti wani kapena fili koloko, kuti mukonzeretu makamera.

Ndatha ine wantchito wanu womvera, amene sanachedwepo kulira,

Selinah Mwenda (Mayi a Stellah)
Chipinda 14, bedi lapamwamba,
Al Qusais.